Maulendo Awiri Okha

Atate anga ndi makaniko. Amadzuka kusanache, natenga thumba lawo la masipanala, nayenda pansi kuchoka kwathu ku Chilinde kufikira ku Biwi, kumene ali ndi kamalo kawo kokonzerapo magalimoto. Loweruka lililonse ine ndimapita nawo. Anzanga ena m'kalasi amayesa kuti popeza ndine mwana wa makaniko ndiye kuti ndimadziwa kumasula injini. Iyayi ndithu. Ntchito yanga ndiyo kupereka sipanala, kutsuka mabawuti m'palafini ndi kugwira tochi. Zaka zitatu zapita ndikuchita zomwezo.

Tsiku lina ndinalimba mtima ndi kuwapempha kuti andilole kusintha mapulagi a minibasi ina. Iwo sanatuluke n'komwe pansi pa galimoto. Anangoti, "Mwanawe, ndipatse namba 13." Ndinawapatsa, koma mtima unandiwawa kwambiri, ndipo pobwerera sindinawalankhule njira yonse.

Masiku omwewo munthu wina anabweretsa zitsulo zokulungidwa m'pepala la magazini yakale ya Chingerezi. Pepalalo linali ndi girisi ponseponse, komabe ndinatha kuona chithunzi cha munthu wachikulire, wa nkhope yakuda ndi utsi, atakhala m'galimoto yopanda denga. Pansi pake panalembedwa dzina lakuti Louis Rosier. Ndinalipinda pepalalo ndi kuliika m'thumba, ndipo Lolemba aphunzitsi athu anandithandiza kufufuza za munthuyo pa kompyuta. Zimene ndinapeza ndi izi.

Louis Rosier anabadwa m'chaka cha 1905 m'dziko la France. Iye anali mwini galaja mumzinda wa Clermont-Ferrand, munthu wozolowera oyilo m'manja monga atate anga. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse anali m'gulu la Afalansa amene ankalimbana mobisa ndi Ajeremani. Nkhondo itatha anayamba kutchuka pa mipikisano ya magalimoto, ngakhale kuti msinkhu wake unali utapita kale. Galimoto yake, Talbot-Lago, inali yolemera ndiponso yosathamanga ngati za ku Italy, koma sinkamwa mafuta ambiri. Motero mu 1949 anapambana mpikisano waukulu wa ku Belgium, pakuti anzake poima kuti amwetse mafuta iye ankangopitirira.

Koma nkhani imene inandigwira mtima ndi ya ku Le Mans. Kumeneko magalimoto amathamanga usana ndi usiku, maola 24 osalekeza, kuzungulira msewu umene masiku amenewo unali wotalika makilomita 13 ndi theka. Wopambana ndiye amene wayenda mtunda wautali kuposa onse nthawi ikamatha. Galimoto iliyonse inkakhala ndi oyendetsa awiri kuti azilandirana. M'mwezi wa June 1950 Rosier, ali ndi zaka 44, analembetsa mwana wake Jean-Louis kuti akhale mnzake.

Tsono mpikisano utayamba, tateyo sanafune kuchoka pa chiwongolero. Dzuwa linalowa iye ali momwemo. Nthawi ina kadzidzi anawomba kagalasi ka kutsogolo, nakaswa, namuvulaza kumaso. Kwathu kuno agogo akadati abwerere kunyumba msanga, pakuti ulendo wokumana ndi kadzidzi suli bwino. Koma iye anangopitirira. Chakum'bandakucha, ali patsogolo pa onse, chitsulo china cha pamwamba pa injini, chimene chimathandiza kutsegula ndi kutseka mavavu, chinawonongeka. Iye anaima, natsika, nachisintha ndi manja ake. Pamenepo ndiye anamupatsa mwana wake galimoto, iye n'kukasamba ndi kudya nthochi. Jean-Louis anazungulira kawiri kokha, ndipo tate wake anamutsitsa. Magalimoto ena anali atawapitirira, koma Rosier anawathamangira kufikira anawapeza. Pomaliza galimotoyo inali itazungulira maulendo 256, ndiwo makilomita 3,465, monga kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kakhumi ndi kamodzi.

Anzanga, powerenga izi ine sindinaganize za tate uja kwenikweni. Ndinaganiza za mwanayo. Tangoganizani kukhala tsiku lathunthu m'mbali mwa msewu, chipewa chili m'manja, kudikira kuti akuitane, anthu zikwizikwi akukuona! Kufikira lero dzina lake linalembedwa pamodzi ndi la atate ake kuti ndi wopambana wa 1950, koma aliyense wodziwa nkhaniyi amadziwanso za maulendo awiri aja. Ndinati mumtima mwanga, uyu ndi mbale wanga, nayenso anali wogwira tochi.

Kodi tateyo anachita bwino? Ine ndiyesa kuti panali kaumbombo pang'ono, ndiponso anaika moyo wake pachiswe. Patapita zaka ziwiri, mu 1952, Mfalansa wina dzina lake Pierre Levegh anayesa kuyendetsa yekha mpikisano wonse, nayenso pa Talbot. Anali patsogolo, koma kutatsala ngati ola limodzi injini inafa, ndipo magalimoto a Mercedes-Benz ndiwo anapambana. Masiku ano malamulo a ku Le Mans salola munthu mmodzi kuyendetsa nthawi yaitali chotero. Komabe pali chinthu chimodzi chimene sindingachikane: Rosier sanapereke galimoto kwa mwana wake ili yodwala. Anayamba waikonza yekha, naona kuti ili bwino, ndipo pamenepo anati, kwera.

Imfa yake inali ya pa ntchito yomweyo. Mu October 1956 galimoto yake ya Ferrari inagubuduzika pa mpikisano wa ku Montlhéry, kufupi ndi Paris, ndipo anamwalira pa 29 mwezi womwewo, ali ndi zaka 50.

Madzulo ena, titatha kudya nsima, ndinawasimbira atate nkhani yonseyi. Ndinachita dala kukweza mawu pofika pa maulendo awiri aja, kuti mwina amve chimene ndinali kutanthauza. Iwo sanafunse za liwiro kapena za mphotho. Anangofunsa kuti, "Chinawonongeka n'chiyani?" Nditawafotokozera anagwedeza mutu nati, "Pa injini yotentha? Ameneyo anapsa zala." Ndipo anapita kukagona.

Loweruka lotsatira kunabwera minibasi ya ku Area 23 imene injini yake inkadumphadumpha. Atate anaimvetsera kanthawi, natsegula, nayang'ana. Kenaka anandiponyera sipanala ya mapulagi nati, "Sintha onse anayi. Ine ndikukagula nthochi." Manja anga ananjenjemera kotero kuti pulagi yoyamba inagwera m'fumbi. Ndinaipukuta msangamsanga ndi malaya anga, ndikuyang'ana ngati kondakitala waona. Atabwerako atate anagwira iliyonse ndi sipanala. Zitatu anazisiya momwe zinalili. Yachinayi anaimanga pang'ono osanena kanthu. Atatero anandipatsa nthochi imodzi, nalowa pansi pa galimoto ina, ndipo ndinamva mawu awo akuti, "Mwanawe, tochi."

Mnyamata wa Fomu 3, Chilinde