Dzina pansi pa chiboliboli: ntchito ya wosema zifanizo za zilombo za gule

Ntchito yosema ziboliboli, zomwe ndi zifanizo zamtengo zogulitsa kwa alendo ndi kwa okongoletsa nyumba, imayamba ndi kusankha chipika ndipo imatha ndi kulemba dzina pansi pa chosemacho, koma mlembi wa nkhani ino, amene amasema m'dera la pakati pa Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre, amaona kuti gawo lomalizali ndi limene limafuna nzeru zambiri. Mitengo ya phingo ndi mlombwa inayamba kusowa pamene nkhalango zinathera m'matumba a makala amene amandandalikidwa m'mbali mwa msewu wa Zalewa, motero mmisiri amadalira malaina ndi mbawa, n'kusema ndi sompho, kukonza nkhope ndi tchizulo ndi mpeni, kusalaza ndi sandipepa, kenaka kudetsa ndi polishi wa nsapato.

Zimene iye amasema ndi zifanizo za zilombo za Gule Wamkulu monga momwe aliyense amazionera pabwalo, ndipo za kudambwe, komwe ndi malo obisika a olowa gule, sazikhudza ngakhale pang'ono, pakuti si zake kuti aziulule. Eni gule amatcha zonse zotuluka pabwalo kuti zilombo, ndipo amazigawa m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi nyau yolemba, zomwe ndi zilombo zazikulu zooneka ngati nyama, za nsungwi, udzu ndi makoko a chimanga, monga Kasiyamaliro, Chimkoko ndi Njovu. Gulu lachiwiri ndi la zilombo zoima ngati munthu, zankhope ya mtengo, ya nthenga kapena ya nsanza, monga Chadzunda, Kapoli ndi Makanja wa miyendo italiitali. Pamwamba pa kugawa kumeneku pali kwina kotsata ulemu ndi mwambo, chifukwa Njovu siituluka wambawamba koma pa mwambo waukulu monga maliro a mfumu.

Mmisiri wodziwa Chichewa amamva khalidwe la chilombo m'dzina lake asanagwire sompho. Mphatikiram'mbuyo wa chi- amakuza chinthu, monga m'dzina la Chimkoko, pamene ka- amachepetsa, komabe Kasiyamaliro, amene dzina lake limanena za kusiya maliro kumanda, ndi chimodzi mwa zilombo zolemekezeka koposa ndipo chimaimira mayi wa mtundu. Dzina la Mbiyazodooka, chilombo chachikazi chosenza mbiya, limalamula dzanja la wosema mwachindunji: akamaliza kusema mbiya ya pamutu, amatenga nsonga ya mpeni n'kuboola dala kachibowo m'mbali mwake, ndipo ogula osadziwa tanthauzo la dzinali nthawi zina amaloza pamenepo ndi chala, n'kupempha kuti mtengo utsike poganiza kuti chiboliboli chawonongeka. Apa m'pamene zimaonekera kuti dzina losafotokozedwa limaluzitsa mmisiri ndalama komanso limachotsera chilombocho tanthauzo.

Zilankhulo zina zimatchula zilombozi mwanjira yawoyawo. Chingerezi chimati mask, Chipwitikizi cha ku Tete chimati máscara, ndipo Gerhard Kubik wa ku Vienna, amene anagwira ntchito zaka zambiri ndi banja la Kachamba komanso Moya Malamusi m'mudzi wa Singano ku Chileka, anatulutsa buku la Chijeremani mu 1987 lonena za nyau za kummwera kwa Malawi, momwe anazitcha Maskenbünde, kutanthauza mabungwe a zophimba kumaso. Mawu onsewa amaloza nkhope yokha, chinthu chopachika pakhoma, pamene mawu akuti chilombo, kapena vilombo monga amanenera a kum'mawa kwa Zambia, amanena chamoyo chonse ndi mavinidwe ake, fumbi lake ndi mantha amene chimabweretsa. Kasiyamaliro akalembedwa kuti antelope amasanduka nyama wamba ya m'tchire. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, amene mayina awo anachokera m'Baibulo pa nthawi imene nyau ndi amishoni ankalimbana, amasokonezanso alendo, chifukwa iwo amayembekezera dzina lachilendo m'makutu mwawo ndipo amadabwa kumva dzina la kwawo. N'zosangalatsa kuti bungwe la UNESCO, pozindikira guleyu mu 2005, linasunga dzina lakuti Gule Wamkulu, ndiponso kuti ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, zilombo zoposa 400 zimaonetsedwa ndi mayina awo a Chichewa.

Vuto la mayina likupezekanso m'masewera a pakompyuta amene ana a masiku ano amawadziwa. Masewera a Pokémon anatuluka ku Japan mu 1996 ali ndi tizilombo topeka 151, togawidwa m'magulu monga a moto, madzi ndi udzu, ndipo kachilombo kotchedwa Fushigidane m'Chijapani kanakhala Bulbasaur m'Chingerezi, Bisasam m'Chijeremani ndi Bulbizarre m'Chifalansa, pamene Pikachu anasunga dzina lake. Kumeneko eni masewera ndi amene amagamula dzina la chilankhulo chilichonse, ndipo palibe chimene chimatayika kwenikweni chifukwa tizilomboto n'tongosangalatsa. Zilombo za gule si zidole, pakuti eni ake amaziona ngati mizimu ya makolo, ndiponso zilibe ofesi yogamula mayina, kotero kuti chilombo chimodzi chikhoza kudziwika ndi dzina lina ku Dedza ndi lina kwa Amang'anja a kuchigwa cha Shire.

Pachifukwa chimenechi mlembiyu salemba dzina asanafunse akuluakulu a m'dera limene anaonera chilombocho, ndipo akatsimikiza amatenthetsa msomali pa mbaula mpaka utafiira, n'kuwotcha dzina la Chichewa pansi pa chiboliboli pamodzi ndi dzina la deralo. Kufotokoza kwa Chingerezi, kwa mizere iwiri kapena itatu yonena za mwambo umene chilombocho chimatulukira, amakulemba pa kapepala kolimba n'kukamangirira ndi ulusi pakhosi pa chosemacho, kuti mlendo wokakwera ndege ku Chileka akawerenge ali m'njira.