Mwana wanga anachiritsidwa n'kubwerera ku fumbi lomwelo

Ndinabadwira ku Kasanda, komboni yoyandikana ndi mgodi wakale wa Kabwe kuno ku Zambia. Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira ntchito pamgodipo, monga ankachitira anthu ambiri a kum'mawa. Mgodiwo unakumba mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90, mpaka unatsekedwa mu 1994. Antchito anabalalika, ng'anjo zinazima, koma chimulu cha zinyalala zolemera matani oposa 6 miliyoni chinatsala pamtetete, osachikwirira. Ife timachitcha Black Mountain.

Tili ana tinkatsetsereka pachimulupo ndi kusewera m'ngalande yochokera kumgodi, yomwe dzinja lililonse inkasefukira m'makomo. Kukauma, mphepo ya mu Ogasiti inkamwaza fumbi pa nsima, pa rape wa m'dimba, pa zovala zoyanika. Palibe anatiuza kuti tikumeza poizoni.

Zinadzaonekera pa mwana wanga wachisamba. Anachedwa kulankhula, m'mimba mumamupweteka kawirikawiri, ndipo kusukulu zimene waphunzira m'mawa pofika masana waiwala. Apongozi anga anati pali dzanja la munthu, tinazungulira kwa asing'anga mpaka mbuzi zathu kutha. Kenako kunabwera ntchito yoyeza ana magazi, yothandizidwa ndi World Bank, imene inavomerezedwa mu 2016. Namwino atawona zotsatira anandiitanira pambali.

"Mayi, mtovu wa mwanayu wapitirira 45. Ayenera kuyamba mankhwala otsuka magazi."

Ndinawafunsa ngati nzeru zake zidzabwerera. Anati mankhwalawo amachotsa mtovu m'magazi, koma ubongo ukawonongeka sakuukonza. Nanenso atandiyeza anaupeza mtovuwo, ndipo anandifotokozera kuti umabisala m'mafupa zaka zambiri n'kumupatsira mwana akadali m'mimba. Usiku umenewo tulo sindinatiwone.

Mwana anamwa mankhwala onse, mtovu unatsika. Koma tinabwerera ku nyumba yomweyo, pabwalo lomwelo. Atamuyezanso, unali utakweranso. Kunali kutungira madzi m'dengu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti malamulo alipo. Lamulo la zachilengedwe la 2011 limati asanayambe ntchito yotha kuwononga malo, ayambe awunika kuopsa kwake ndi kulandira chilolezo. Komabe ndi maso angawa ndawona malole akunyamula dothi la pachimulu osafunditsa tenti, akudutsa pomwe ana akusewera, n'kukalikhuthula m'mphepete mwa msewu. Anyamata athu a m'makomboni a Kasanda, Chowa ndi Makululu yemwe, amakakumba komweko opanda chotchinga pamphuno, chifukwa njala siyembekeza. Ineyo sindiwanena. Ndimafunsa za amene ali ndi mapepala ndi mphamvu yoimitsa lole.

Mu 2020 maloya anakasuma za mtovuwu ku khothi la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a Kabwe, ndipo mu Disembala 2023 khothilo linakana kuti mlanduwo umvedwe ngati wa gulu. Chipukutamisozi kaya chidzabwera liti, koma fumbi silidikira woweruza.

Pempho langa kwa akuluakulu ndi ili: kwirirani chimulucho, chitchingeni ndi mpanda, chotsani dothi loipa m'mabwalo ndi m'masukulu, ndipo wophwanya chilolezo mulandeni. Mwana wanga wamng'ono wayamba kukwawa mwezi uno, ndipo chilichonse chimene watola pansi chikupita kukamwa.