Tsiku Limene Ndinalawitsa Anzanga Vinyo

Amayi anzanga, sabata ino ndati ndikusimbireni za kaphwando kamene ndinakonza kunyumba kwanga, kamene kanatsala pang'ono kundidanitsa ndi mnzanga wa zaka makumi atatu.

Mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ku Cape Town anandibweretsera mabotolo anayi a vinyo pa Khirisimasi, awiri oyera ndi awiri ofiira. Anandifotokozera kuti kumeneko anthu amaitanizana kudzalawa vinyo pang'onopang'ono, aliyense n'kumanena mmene wamukomera. Anandiuzanso kuti vinyo woyamba wa m'dzikolo anafinyidwa mu 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, ndi kuti mphesa yotchedwa Pinotage, imene anthu a ku South Africa amainyadira, inabadwira ku Stellenbosch mu 1925 pamene Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot noir ndi Cinsaut. Nditamva zimenezi ndinaitana amayi asanu kuti abwere Loweruka masana.

Ngati mungafune kuyesa, nazi zimene ndinachita. Mabotolo ndinawakulunga m'mapepala n'kulembapo manambala 1 mpaka 4, kuti wina asatamande vinyo chifukwa cha dzina kapena mtengo wake. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Vinyo woyera amafuna kuzizira. Ngati mulibe firiji, mtsuko wa madzi ozizira umagwira ntchito yomweyo. Yambani ndi woyera, wofiira abwere pambuyo, chifukwa wofiirayo amakhakhalitsa lilime ngati nthochi yosapsa. Thirani pang'ono zedi: botolo la mamililita 750 limakwanira amayi khumi ndi awiri. Patebulo pakhale buledi ndi madzi otsukira m'kamwa, ndipo alendo adye kaye, popeza vinyo ndi waukali kuposa mowa wa m'botolo. Mayi woyembekezera ndi amene ayendetse galimoto asalawe n'komwe.

Tinayang'ana mtundu wake, tinapukusa matambula, tinanunkhiza, kenaka tinalawa. Mayi wina anati nambala 1 akununkhira magwafa. Wina anati nambala 4 akumveka utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo tonse tinafa nacho chiseko.

Tili m'kati moseka choncho, tinamva "Odi!" pakhomo. Anali mnzanga uja, amene tinkatunga naye madzi pachitsime chimodzi tili atsikana, atasenza chigubu cha thobwa. Iyeyu sindinamuitane. Mwamuna wake anamwalira ndi matenda a chiwindi atamwa kachasu zaka zambiri, ndipo ine ndinaganiza kuti kumuonetsa mabotolo kukhala kumutosa pabala. Anayang'ana tebulo, anayang'ana amayi aja, natula chigubu chake pansi mwakachetechete.

Ndinamutsatira kukhitchini miyendo ili zii. Iye anati, "Achemwali, pamaliro a bambo a kwathu munagona nane pamphasa masiku atatu. Lero mukuseka, mwandibisira. Kodi ine ndine woyenera misozi yokha?"

Ndinasowa poyika nkhope. Ndinaona kuti chimene ndinkachitcha chifundo chinali mantha anga, ndipo ndinamusankhira zochita ngati kuti ndi mwana. Ndinapepesa ndi mtima wonse, n'kumupempha kuti akhale nafe. Anavomera, koma anati vinyo sakhudza. Pamenepo mayi wina wachikulire anatsuka matambula, nati thobwa lija likhale nambala 5. Tinalipukusa ndi kulinunkhiza monga tinachitira ndi vinyo. Mnzangayo anatifotokozera mmene amameretsera chimera cha mawere, ndi chifukwa chake amadikira kuti phala lizizireko asanathiremo chimeracho. Kunena zoona, iye yekha ndiye ankadziwa chakumwa chake kuyambira kumunda mpaka m'tambula. Enafe tinkangobwereza za mwana wanga. Pofika madzulo mabotolo awiri anali asanathe, koma chigubu chinali mbee.

Tsono amayi anzanga, mukamakonza kaphwando kotere, muuzeni mnzanu aliyense mosabisa chimene chidzakhalepo, ndipo asankhe yekha kubwera kapena kukhala. Ambiri mwa ife sitimwa, ena chifukwa cha chipembedzo, ena chifukwa cha zimene mowa unachita m'nyumba zawo. Oterowo akonzereni thobwa, madzi a malambe kapena a chidede, ndipo muwathirire m'matambula okongola omwewo. Musamukakamize munthu ndi mawu akuti "ingolawani pang'ono", ndiponso musalowe m'ngongole pogula mabotolo odula pamene ana alibe fizi.

Mnzanga uja wandiitana kwawo mwezi wamawa. Akuti tikalawe thobwa la mitundu itatu, la mawere, la mapira ndi la chimanga chokha, ndipo wandilamula kuti ndibwere ndi mapepala okulungira zigubu.