Tepi ya telala sinama: zomwe ndinapeza pofufuza za opaleshoni ya mabere

Mu Limbe monse muno palibe amene amadziwa zinsinsi za matupi a amayi kuposa ife atelala. Mayi akhoza kubisira mwamuna wake, akhoza kubisira anzake a kumvano, koma akalowa kuseri kwa katani kuti ndimuyeze diresi, masiponji onse amatsika ndipo tepi imanena zoona. Ndasoka zaka 16 tsopano, ndipo dandaulo lomwe ndimamva kawirikawiri ndi la pachifuwa. Wina akuti ake ndi aang'ono, wina agwa atayamwitsa, wina limodzi linakula kuposa linzake. Pafupifupi onse amatsiriza ndi pempho limodzi: "Anti, musoke mwakuti zisadziwike kuti mwaikamo kanthu."

Ndikulemba chifukwa nanenso ndili m'gulu lomweli. Ndinayamwitsa ana atatu, aliyense zaka ziwiri monga amatiuzira kusikelo, ndipo ana anakula bwino. Koma zomwe zinatsala pachifuwa panga ndi zikopa ziwiri. Ena anena kuti ndi nkhani ya anthu okhuta, yosayenera m'nyuzipepala pamene anthu akulira mtengo wa chimanga. Anene. Ndikudziwa amayi a ku Bangwe, Ndirande ndi Chilomoni amene akutaya ndalama za banki m'khonde pa nkhani yomweyi mwakachetechete, ndipo chifukwa palibe amene amaikamba poyera, ndalamazo zikupita kwa anthu olakwika.

Ndiyambe ndi anthu olakwikawo, mwachidule. Mafuta odzola amene amatsatsidwa pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp sakulitsa bere. Bere ndi mafuta a m'thupi ndi timisempha topanga mkaka, ndipo chodzola pakhungu sichingaonjezere zimenezo. Mapiritsi ambiri otere amangonenepetsa thupi lonse, ena ali ndi mahomoni amene amasokoneza kusamba. Musanameze, funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Choopsa koposa ndi jakisoni wa silikoni wamadzimadzi amene anthu ena amabaya m'nyumba kapena m'masaluni. Silikoni wotero sakhala malo amodzi, amayenda m'thupi, amapanga zotupa zolimba, ndipo akalowa m'mitsempha ya magazi akhoza kukafika m'mapapo munthu n'kufa. Kumuchotsa yense n'kovuta kwambiri, nthawi zina mpaka kudula bere lomwelo.

Ine ndinkafuna kumva kwa dokotala weniweni. Kuno kwathu madokotala odziwa kukonza ziwalo ndi ochepa, ndipo amene alipo ku Gulupu ali kalikiliki ndi ana opsa ndi moto ndi ena ovulala modetsa nkhawa. Ndi momwe ziyenera kukhalira, sindikanapita kukaima pamzere umodzi ndi mwana wogwera m'phala. Choncho pa ulendo wina wokaoda nsalu ku Joni ndinapatula ndalama yokaonana ndi dokotala wa ntchitoyi. Ndisanapite, mwana wa achemwali anga anandithandiza kufufuza dzina lake pa intaneti m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa, bungwe lomwe limagwira ntchito ngati ya Medical Council of Malawi kuno. Chitani chimodzimodzi musanalipire kanthu, chifukwa si aliyense wovala gauni yoyera amene anaphunzira maopaleshoni amenewa.

Adokotalawo anaika timatumba tiwiri patebulo n'kunena kuti ndigwire. Chikopa cha timatumba tonse tiwiri ndi cha silikoni, kusiyana kuli m'kati. Kena kamadzazidwa ndi madzi amchere ngati a m'diripi, kena kali ndi silikoni wolimbirako ngati phala lozizira. Ka madzi ndinakamva ngati chibaluni. Ka silikoni kanali kofewa, kakugwa m'dzanja momwe bere limagwera. Ngati funso ndi lakuti ndi kati kamene munthu sangazindikire pokhudza, dzanja langa la utelala linasankha ka silikoni mosazengereza. Ka madzi, makamaka kwa munthu woonda, kamatha kuonetsa makwinya pansi pa khungu.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kathumba ka madzi kakaphulika umadziwa msanga, bere limaphwa ndipo thupi limamwa madziwo popanda vuto. Ka silikoni kamatha kung'ambika iwe osamva kalikonse. N'chifukwa chake bungwe la FDA la ku America limalangiza kuti wokhala ndi timatumba ta silikoni ajambulidwe ndi makina a MRI kapena sikani pakatha zaka 5 kapena 6, kenako pa zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse. Nditamva zimenezo mtima unabwerera ku Blantyre. Sikani imeneyo ndidzalipira ndani, zaka zonsezo? Ikadzaonetsa kuti kang'ambika, ndani adzakachotse?

Ndinafunsa kuti timatumbati timakhala zaka zingati. Anayankha mosabisa kuti si ta moyo wonse, ndipo amene waika ali ndi zaka za m'ma 30 adziwiretu kuti adzagonanso patebulo la opaleshoni, mwina kangapo. Pali vuto linanso lomwe limachitika ndithu: thupi limakuta kathumbako ndi chipsera cham'kati, ndipo kwa anthu ena chipseracho chimakhwima n'kuyamba kufinya. Bere limauma ngati mpira, limakwera m'mwamba, limapweteka. Munthu unapita kukafuna zooneka zachibadwa, ukubwerako ndi chinthu chomwe ngakhale mwana aona kuti si chako.

Nditabwerako ndinawerenga mbiri yake, ndipo inandiphunzitsa kusathamanga. Mayi woyamba kuikidwa timatumba ta silikoni anali Timmie Jean Lindsey, mu 1962 ku Houston, m'manja mwa madokotala Thomas Cronin ndi Frank Gerow. Mu 1992 dziko la America linaimitsa kugwiritsa ntchito timatumbati pongofuna kukongola, n'kudzatilolanso mu 2006. Mu 2010 kunaphulika nkhani ya kampani ya ku France yotchedwa PIP, imene inkadzaza timatumba ndi silikoni wa m'mafakitale m'malo mwa wa chipatala. Mwini wake, Jean-Claude Mas, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi. Mu 2019 kampani ya Allergan inachotsa pamsika timatumba take tokhakhala kunja, chifukwa tinapezeka kuti tikukhudzana ndi mtundu wina wa khansa yosowa imene imayamba m'chipsera chozungulira kathumbako. Amayi a ku Paris ndi London anali ndi madokotala awo pafupi oti awaitane n'kuwayeza. Ndinadzifunsa kuti kalata yotero ikanandipeza bwanji ine pa shopu yanga kuseri kwa msika wa Limbe. Amene mwaika kale, sungani kakhadi kosonyeza dzina la kampani ndi nambala ya kathumba kanu monga musungira chiphaso chaunzika.

Palinso nkhani ya malo oika. Akhoza kuika kathumba pamwamba pa mnofu wa pachifuwa kapena pansi pake. Pansi pa mnofu pamabisa bwino m'mphepete mwa kathumbako, choncho kwa woonda zimaoneka zachibadwa, koma ululu wake ndi wochuluka ndipo bere limatha kugwedezeka ukakunga mkono. Kwa ine amene ndimanyamula mabelo a nsalu ndi kudula ndi sizasi tsiku lonse, imeneyo si nkhani yaing'ono. Anandiuzanso kuti kwa milungu ingapo sindiyenera kunyamula zolemera, ndipo asandione ndikukwera basi masiku oyambirira. Amene munayendapo kuchoka ku Park Station kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza mukudziwa kuti ndi ulendo wopitirira tsiku lathunthu uli chikhalire, ndipo kukhala chonchi utangochitidwa opaleshoni kumaika munthu pa chiopsezo choundana magazi m'miyendo. Ndiye pa mtengo wa opaleshoni onjezani malo ogona ku Joni ndi mwezi wonse makina osokera ali zii.

Njira yomwe inandikoka mtima ndi yachitatu, yosamutsa mafuta a m'thupi lako lomwe. Amapopa mafuta pamimba kapena m'ntchafu, kuwasefa, n'kuwabaya pang'onopang'ono m'bere. Ganizo lake ndi lakale kuposa silikoni: mu 1895 dokotala wa ku Heidelberg, Vincenz Czerny, anakonza bere la mayi wina pogwiritsa ntchito chotupa cha mafuta chomwe anachotsa pamsana pa mayi yemweyo. Palibe chachilendo chotsala m'thupi, palibe chodzaphulika, palibe kampani yodzakuitana. Zipsera zake ndi timadontho. Pokhudza ndi mnofu wako. Ndinaseka ndekha kuti mimba yomwe ndakhala ndikuibisa ndi malamba ingathe kugwira ntchito.

Malire ake ndi awa. Mafuta ena amene abayidwa safika pogwira, thupi limawasungunula m'miyezi yoyambirira, ndipo adokotala anati nthawi zina amatha kutayika pafupifupi theka. Kukula kwake n'kochepa, mwina saizi imodzi ya bra, ndipo wofuna zambiri amabwereza opaleshoni. Woonda kwambiri alibe pokatapa. Ukaonda, bere limaondanso. Ndipo mafuta amene afa amatha kusiya timibulu tolimba. Pano ndinaima kaye, chifukwa amayi anga aang'ono anapita ndi khansa ya m'mabere, atafika kuchipatala mochedwa monga amafikira amayi ambiri kuno. Kambulu kalikonse m'bere langa kadzafuna kuyezedwa kuti tidziwe ngati ndi mafuta chabe kapena ndi matenda. Timatumba natonso timaphimba mbali ina ya bere pojambula, mwakuti wojambulayo amayenera kuuzidwa kuti ajambule mwapadera. Njira zonsezi zimafuna kuti ukhale pafupi ndi chipatala chomwe chingakuone bwino kwa zaka zambiri.

Kenako adokotala anachita zomwe ine ndimachita kwa makasitomala anga. Anatenga tepi. Anayeza kuchoka pakhosi kufika pansonga ya bere, n'kundiuza kuti vuto langa lalikulu ndi kugwa, kuchepa kukubwera pambuyo. Mafuta sakweza bere logwa. Kathumba kakakulu kakhoza kudzaza chikopacho, koma kulemera kwake kudzachikokeranso pansi. Chondiyenera, anatero, ndi opaleshoni yokweza: kudula khungu lotsala, kukweza nsonga, n'kusoka, kenako mwina kuonjezera mafuta pang'ono pamwamba. Monga telala ndinamva msanga. Diresi ikakula thupi umaibweza m'misoko, suika mapilo m'kati.

Koma kubweza kumasiya msoko, ndipo msoko wa pakhungu ndi chipsera chozungulira nsonga n'kutsika pansi. Apa anayang'ana khutu langa lamanzere n'kufunsa za kachotupa komwe kali pamene ndinaboola ndolo ndili mtsikana. Anati dzina lake ndi keloid, chipsera chomwe chimapitiriza kukula kupitirira bala, ndipo chimachitika kwambiri kwa ife akhungu lakuda. Munthu amene thupi lake linachitapo zimenezi akhoza kuchitanso pamalo ena. Zithunzi zambiri za pa intaneti zosonyeza zipsera zofufutika bwino ndi za azungu. Ndinapempha kuona za amayi akuda patatha chaka, osati patatha mwezi, ndipo anandionetsa. Zina zinali zabwino kwambiri. Zina ayi.

Bambo a ana anga nditawafotokozera zonsezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi a Chisomo, thupi ndi lanu, koma ndalamayo ndi ya malata a ku Chileka." Sananame. Mtengo womwe ndinapatsidwa unali wofanana ndi zomwe tasunga kuti tifolere nyumba yathu, ndipo kwacha ikagwa, mtengowo umakwera ndili gone. Sindinawayankhe mokwiya, komanso sindinawalonjeze kuti nkhaniyi yatha. Iwo akuti samaona vuto. Ine ndimaliona m'mawa uliwonse povala, ndipo sindivomereza kuti mkazi wofuna kukonza thupi lake ndiye kuti wapeza chibwenzi, monga amanenera ena pa mjigo. Ambiri amene ndimawayeza akufuna kudziona bwino okha pagalasi.

Maganizo anga lero ali motere. Timatumba ndatikana, ngakhale ta silikoni timaoneka bwino tsiku loyamba, chifukwa ndi ngongole yomwe ndingamabweze moyo wonse kwa dokotala wokhala kutali, malire atatu kuchoka pano. Wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside amene angathe kukwera ndege pa Chileka nthawi iliyonse bere likauma akhoza kuwerengera mosiyana, ndipo sindimuweruza. Kwa mayi wofuna kuonjezera pang'ono, amene ali ndi mafuta okwanira ndipo bere lake silinagwe kwambiri, ndikuona kuti kusamutsa mafuta ndiyo njira yosasiya mavuto ambiri m'tsogolo. Amene akufunabe kubereka adikire, chifukwa mimba ndi kuyamwitsa zimasinthanso zonse, ndipo kudula mozungulira nsonga kumatha kuchepetsa mkaka.

Za ine, chatsala ndi khutu lija. Adokotala anati ndiyambe ndakayezetsa mabere kuno kwathu chifukwa cha mbiri ya amayi aang'ono, ndipo ndinapita, zotsatira zinatuluka bwino. Anatinso ndikaonetse keloid yanga kwa dokotala wa khungu kuti aone momwe ingamvere mankhwala, chifukwa zimenezo zidzatipatsa chithunzi cha momwe chipsera cha pachifuwa chingadzakhalire. Jakisoni woyamba wa pakhutu ndinabayitsa mwezi watha, wachiwiri ndi wa sabata ya mawa. Malata tagula theka, theka lina la ndalama likadali ku banki.