Lonjezo Limene Silifika Kwathu

Ife a Mpingo wa ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, tifuna kusimbira abale athu a m'midzi yina nkhani imene inatibvuta caka catha, kuti mwina wina apezemo nzeru.

Tinasonkha ndalama zaka zitatu, wina za cimanga, wina za nyemba, kuti tigule galimoto yonyamulira odwala kunka nao ku cipatala ca ku Chitipa. Pakuti tinatopa ndi kuona amai apakati ali kuyembekeza pamseu usiku. Yatsopano sitikadakhoza kuifikira. Cotero tinatuma akulu awiri ku Mzuzu, kumene agulitsa magalimoto amene anayenda kale ku Japan, amene amatsika pa doko la Dar es Salaam nalowa m'dziko lino pa Songwe.

Wamalonda anawaonetsa Toyota yooneka bwino, nati, Mukaonjezapo ndalama zina ndidzakupatsani pepala la lonjezo, limene amati waranti, kuti ikaonongeka m'caka cimodzi tidzaikonza kwaulere. Akuluwo sanabvomere msanga, koma anabwera nalo pepalalo kumudzi. Ndipo m'menemo anacita mwanzeru.

Tsiku Laciwiri tinakhala pansi, mphunzitsi natiwerengera mau onse, ngakhale ang'onoang'ono a m'munsi. Ena mwa ife analikonda ndithu, nati, Ndalama izi nza amasiye ndi okalamba. Injini ikafa tidzawauza ciani? Mauwo anali oona, ndipo sitinawapeputse. Koma tinapezamo zinthu zitatu. Coyamba, lonjezo linali la injini ndi magiya okha; matayala, masipuling'i ndi mashoko sanalimo, ndizo zimene miseu ya m'midzi mwathu imadya nthawi ya dzinja. Caciwiri, galimoto ikafa tiyenera kuifikitsa tokha ku garaja yao ku Mzuzu, ulendo woposa makilomita 300 podzera ku Chitipa ndi Karonga; nanga wakuikoka adzamlipira ndani? Cacitatu, makaniko wina akangoigwira, lonjezo latha pomwepo.

Pamenepo nkhalamba ina inati, Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinabvomerezana kuti tisagule pepalalo. Tinalipira makaniko wodziwika kwa ife, amene anaiyesa galimotoyo asanapereke ndalama akuluwo. Tinalipiranso inshuwalansi imene lamulo la dziko lifuna, imene iri cinthu cina ndithu. Ndipo zotsala tinaziika m'thumba la zokonzera, losungidwa ndi anthu atatu. M'mwezi wa February sipuling'i inathyoka, ndipo thumbalo linaikonza ku Chitipa masiku awiri.

Sitinena kuti wamalondayo anali wonyenga, iai. Zonse anazilemba poyera. Munthu wokhala m'tauni, pafupi ndi garajayo, likhoza kumthandiza ndithu. Ndiponso tidziwa kuti injini ikafa mawa, thumba lathu silidzakwanira, ndipo ena adzati tinalakwa. Katundu ameneyu tamsenza tiri kumuona.

Tsono, abale okondedwa, akakupatsani pepala lotere, musacite manyazi kuliwerenga pamaso pa anzanu, ndipo mufunse: Lilonjeza ciani? Likana ciani? Kodi lidzandipeza kumene ndikhala? Pakuti ndalama za Mpingo ndi thukuta la osauka, ndipo ife ozisunga tidzayankhapo.