Zakaat ya mu sitolo ndi tebulo la Excel

Sabata imodzi Ramadhan ya 2024 isanayambe, tinakhala pansi m'sitolo yathu pa boma la Dedza, zitseko zitatsekedwa, nkhungu itatsika kale kuchokera kuphiri. Timagulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala kwa alimi a kachewere ochokera ku Bembeke ndi midzi yozungulira. Chifukwa chokhalira pansi chinali chimodzi: kuwerengera Zakaat.

Kwa zaka zingapo tinkangofunsa pulogalamu ya akaunti ya m'kompyuta kuti katundu wotsala ndi wa ndalama zingati, n'kuchotsapo 2.5 pa 100 iliyonse. Tinkaikhulupirira chifukwa sinama. Koma imayankha funso la wamalonda, ndipo limeneli si funso la Zakaat. Iyo imasunga mtengo umene tinagulira thumba, pamene malamulo a chipembedzo amafuna mtengo wa thumbalo pamsika tsiku lowerengera. M'zaka zabata mitengo iwiriyi imayandikana. Koma mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo katundu amene tinapikula mwezi umenewo usanafike anali atakwera mtengo ali chikhalire pashelefu. Tikanatsata kompyuta, tikanawamana osauka gawo lawo popanda ngakhale kudziwa.

Ndiye mwana wathu wamkulu anatulutsa kaundula yense wa katundu n'kumuika mu Excel. Sizinayende msanga. Manambala ena anabwera ngati mawu chabe, kotero kuti chiwonkhetso chinawalumpha mwakachetechete, ndipo tinazindikira pokhapokha titawerenganso matumba m'nyumba yosungiramo ndi tochi. Titakonza, tinawonjezera mzere umene pulogalamu ilibe: mtengo wa lero. Tinadulanso masiku potsata chaka cha mwezi, chimene chimafupika ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi cha Januwale mpaka Disembala.

Tinachedwa kwambiri pa ngongole. Kwa kompyuta, aliyense amene anatenga katundu osalipira ndi chimodzimodzi. Ife tinayenera kuwagawa pawiri: amene tikuyembekezera kuti abweza akakumba kachewere, ngongole zawo n'kulowa m'chiwerengero cha Zakaat, ndi amene sitikudziwa ngati adzatha. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surat Al-Baqarah, imalamula kulemba ngongole, ndipo ife tinkadzitama kuti timalemba. Kulemba tinkalembadi. Kuwerenga zimene talembazo ndiko tinali tisanachitepo.

Titasanja mainawo kuyambira ngongole yakale kwambiri, pamwamba panatulukira mayi wina wamasiye amene anatenga matumba awiri chaka chimene chiwawu chinapsereza munda wake. Tsiku la msika amadutsa tsidya lina la msewu, nkhope atayang'ana kumbali, ndipo ife tinkayesa mwano. Ayah ya 280 m'Surah yomweyo imalimbikitsa kumudikira wovutika, ndi kuti kumukhululukira n'kwabwino koposa. Tinafunsa a Sheikh ngati kufafaniza ngongoleyo kungalowe m'malo mwa Zakaat. Anatiuza kuti ma ulama ambiri savomereza, choncho tikhululuke ngati sadaka, ndipo Zakaat tipereke payokha, yathunthu.

Tinatero. Tinawerengeranso ndi chaka chapitacho, n'kupeza kuti tinapereka moperewera, ndipo tinakwaniritsa. Kwa mayi aja tinatuma mchemwali wathu, chifukwa ife akanatiwona pakhomo akanaganiza kuti tabwera kudzalonjerera.