Kope la Bambo Anga

Lachiwiri lapitali nditangofika kunyumba, ndisanavule n'komwe nsapato, foni inalira. Anali mayi wina wa m'dera langa, kundiuza kuti amuna awo awagoneka m'chipatala. Ndinatenganso jekete lomwe ndinali nditangolikoleka kumene. Mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 3, anali pamkeka ndi kope la masamu lomwe ndinamulonjeza kuyambira Lamulungu kuti tiona limodzi. Sanalire ayi. Anangondiyang'ana n'kufunsa bwinobwino: "Adadi, kodi ifeyo tili m'dera la ndani?"

Amayi ake anali kukhitchini. Ndinamva mthiko utasiya kugunda mumphika, koma iwo sanayankhule kanthu.

Kuchipatalako ndinapita ndithu, ndisakunamizeni. Koma m'minibasi monse funso lija linali nane, ndipo linandikumbutsa kope lina, la malemu bambo anga.

Kwa amene simupemphera kwathu kuno, ndifotokozeko pang'ono. Ife a CCAP ya Sinodi ya Nkhoma mpingo timaugawa m'madera, ndipo dera lililonse limakhala ndi mkulu wa mpingo. Mbusa ndi mmodzi, nyumba zopemphereramo ndi zambiri, makamaka kumudzi. Ndiye amene amalalikira abusa akakhala kwina, kuzonda odwala, kuyanjanitsa mabanja ndi kuimirira pamaliro ndi mkulu wa mpingo. Salandira malipiro. M'mawa ndi mlimi kapena kalaliki ngati wina aliyense, madzulo ndi wa anthu onse. Ine udindowu anandisankhira zaka ziwiri zapitazo kuno ku Lilongwe. Bambo anausenza zaka zoposa makumi awiri kumudzi kwathu ku Dedza, komwe kukacha bwino phiri la Nkhoma limaoneka ngati lili kuseri kwa dimba.

Ndikawakumbukira, chimabwera msanga ndi njinga yawo yakapalasa, Buku Lopatulika atalikulunga m'pepala lapulasitiki n'kulimanga ndi legeni pakaliyala. Akachoka kumunda ankasamba, kudya mothamanga, basi ulendo. Madzulo ife tinkakhala mozungulira koloboyi, Mlozo uli pampando wawo, kudikira kuti adzatiwerengere ndime ya tsikulo. Nsima inkazizira. Mng'ono wanga ankayamba kusinza. Kenaka amayi ankangotenga Mlozowo n'kunena kuti, "Tiyeni tipemphere, abambo anu atipeza." Kunena zoona, mlaliki m'nyumbamo anali bambo, koma kupemphera ine ndinaphunzira kwa amayi.

Amayiwo nawonso sanali munthu wongokhala. Anali a Chigwirizano, a bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Pamaliro ankachezera kuimba usiku wonse, m'mawa n'kukhalanso pamoto kuphikira anthu. Kusiyana kwake kunali kwakuti iwo asanachoke ankaonetsetsa kuti ndiwo zapsa, madzi ali mumtsuko, ndipo aliyense wa ife akudziwa komwe apita ndi nthawi yomwe abwere. Bambo tinkangomva belu la njinga.

Ndiye kunabwera njala ya 2002. Amene munalipo mukukumbukira mwezi wa Febuluwale uja: anthu kudya mizu ya nthochi, kugulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wozizira, maliro osatha. Bambo ankachoka pamaliro ena n'kulunjika pa ena. Kwathu kunatsala ndowa imodzi ya chimanga yomwe amayi anaibisa kuchipinda, kuti ana tizimwako phala mpaka chimanga chakumunda chikhwime. Tsiku lina iwo ali kudimba, bambo anapungula theka la chimangacho n'kupita nalo kwa gogo wina wamasiye amene ankalera adzukulu anayi.

Amayi atabwera anayang'ana m'ndowa muja nthawi yaitali. Sanakuwe. Bambo atafika, anawauza mawu omwe mpaka lero ndimawamva: "Inu, mukanandifunsa, mukuganiza kuti ndikanakana? Ndikanakupatsani ndithu. Koma mwatenga ngati m'nyumba muno mulibe munthu."

Masabata otsatirawo tinadya madeya ndi nkhwani. Mng'ono wanga anatupa mapazi, koma Mulungu anamusunga. Adzukulu a gogo aja nawonso anapulumuka onse, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene anatsogolera adzukulu okumba manda bambo atatisiya mu 2016. Choncho musandifunse kuti analakwa ndani, chifukwa nkhaniyi ndaitembenuza zaka zambiri ndipo sinditha kunena kuti chimangacho sichikanayenera kupita. Chomwe ndikuona n'chakuti mphatsoyo anapereka ndi anthu asanu ndi awiri, koma amene anafunsidwa, ndiponso amene anathokozedwa, anali mmodzi.

Pamaliro awo anthu anachitira umboni mpaka dzuwa kupendeka. Wina anati anamuyanjanitsa ndi mkazi wake, wina anati anamunyamula panjinga usiku kupita naye kuchipatala. Zonse zinali zoona. Ine ndinakhala pamenepo ndikunyada, komanso ndi kansanje kena kochititsa manyazi, kuti anthu onsewa ali ndi nkhani zawo ndi bambo anga, nanga yanga ili kuti?

Titasesa, ndikulongosola katundu wawo, ndinapeza kope la dera lawo. Linali lachikuto cholimba, masamba atachita chikasu. Analemba nyumba iliyonse ndi nambala yake, ndipo pansi pake masiku omwe anayenderako ndi mawu ochepa: wadwala, sanadye mgonero, ayanjana, mwana ayambe kalasi. Nyumba zina anachita kuwonjezera masamba. Nyumba nambala wani inali yathu. Dzina lawo, la amayi, ndi athu ana asanu, motsatana ndi kubadwa kwathu. M'munsi mwake munali mbee, zaka zonsezo, kupatula mzere umodzi wa pensulo wa mwezi wa Malichi 2002. Analemba mawu amodzi okha: "Ndikapepese."

Ndinapita nalo kwa amayi. "Amayi, kodi anapepesadi?" Iwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Aaa, abambo ako? Atagulitsa mtedza anandibweretsera chitenje, n'kuchiika pabedi osanena kanthu. Kupepesa kwawo kunali komweko."

Pali ndime ziwiri zomwe ndakhala ndikuzilalikira kwa ena mosavuta. Ina ili pa 1 Timoteo 3, pomwe Paulo akufunsa kuti munthu wolephera kusamala nyumba yake angasamale bwanji mpingo. Ife timakonda kuimva ngati ikunena za ana osamvera, oti tiwakhwimitsire malamulo. Sitiimva ngati ikunena za bambo amene sapezeka. Inayo ndi ya pa Marko 7, pomwe Yesu akudzudzula anthu amene ankatenga chomwe akanathandizira makolo awo n'kuchitcha Korban, choperekedwa kwa Mulungu, kuti asawapatse. Ine ndalama za amayi sindinazitchepo Korban. Koma madzulo anga, Loweruka langa, khutu langa lomwe, ndimazitcha choncho pafupifupi sabata iliyonse.

Ndipo pali china chomwe ife akulu a mpingo sitiuzana poyera. Utumiki wakunja umakoma, abale. Ukafika pakhomo pa eni amakulandira jekete, kukupatsa mpando wabwino, "mwatiyendera abambo athu." Ukapemphera amati amen mwamphamvu, pochoka n'kukuperekeza mpaka kumsewu. Kunyumba kwako akukudikira ndi mayunitsi a magetsi atha, fizi, mpope ukudontha ndi masamu a Sitandade 3. Palibe amene adzaimirire pamaliro ako kunena kuti munthu uyu ankadziwa kugawa ndi zotsala. Ndiye nthawi zina foni ikalira, pansi pamtima pamakhala kampumulo ndithu. Bambo anga mwina kuwala kwa dzuwa ndi matayala a njinga zinkawaletsa. Ine WhatsApp imandipeza ngakhale ndili pambale ya nsima.

Usiku uja ndinabwerera cha m'ma 9 koloko. Mwana anali atagona pamkeka pomwepo, pensulo ili m'manja. Amayi ake anati, "Nsima ili patebulo, ndavindikira. Odwala akupeza bwanji?" Funso lachiwirilo linandilasa kuposa akanandikalipira, chifukwa ndinadziwa kuti akufunsa ndi mtima wonse. Ndinawauza kuti akupezako bwino, awapatsa diripi. Kenaka ndinayesa kunena chija bambo anachilemba ndi pensulo. Chinatuluka mokhotakhota, koma chinatuluka. Iwo anangoti, "Ndamva. Idyani, yazizira."

M'mawa mwake ndinadzutsa mwana 5 koloko, tinachita masamu aja asanu ndi atatu. Amodzi ndinalakwitsa ndine, iye n'kundikonza.

Funso lake lija sindinaliyankhebe bwino. M'kope langa, lomwe ndi la mufoni, nyumba yathu mulibe n'komwe. Lachinayi ndinakumana ndi mkulu wa mpingo mnzanga wa dera loyandikana nalo, bambo wachikulire amene anapuma pantchito yauphunzitsi, n'kuwapempha kuti nyumba yanga aziyiyendera iwo. Poyamba anaseka, ankayesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka, anatulutsa kabuku kawo m'thumba la malaya n'kufunsa mayina a ana ndi makalasi awo. Akuti abwera Loweruka masana.

Nditawauza amayi akunyumba, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino, ndiwaphikira tiyi. Koma foniyo mudzandipatse ine kuyambira m'mawa, angadzakupezeni mwachoka."